Pamene Lamulo Lakale Likhala Chopinga cha Chikondi

Nthano yaitali yachikondi yochitika m'nyengo yamakedzana ili ndi vuto lakelake, pakuti wowerenga amadziwiratu kuti mwamuna ndi mkazi adzakhalira limodzi pamapeto, kotero tsatanetsatane, amene ndi mndandanda wa zochitika m'nkhani, amayenda ndi funso limodzi lokha: n'chiyani chikuwalekanitsa awiriwa? Mlembi waluso amatapa chopingacho m'malamulo ndi miyambo ya nyengo imene akulemba, ndipo mmodzi mwa akatswiri pa lusoli anali Georgette Heyer wa ku England, amene anabadwa mu 1902 n'kumwalira mu 1974.

Mabuku ake otchuka kwambiri amakamba za nyengo yotchedwa Regency, kuyambira 1811 mpaka 1820, pamene Mfumu George III inadwala misala ndipo mwana wake ankalamulira m'malo mwake. Masiku amenewo chuma cha mkazi chinkalowa m'manja mwa mwamuna akangokwatirana, minda ndi ulemu wa banja zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo lamulo la 1753 linkaletsa wosakwanitsa zaka 21 kulowa m'banja popanda chilolezo cha makolo, n'chifukwa chake okondana ambiri ankathawira ku Gretna Green, mudzi wa m'malire ku Scotland kumene lamulolo silinkagwira ntchito.

Buku la A Civil Contract, lotuluka mu 1961, likuonetsa bwino mmene zoterezi zimaumbira ampangankhani, amene ndi anthu opezeka m'nthano. Adam Deveril, msilikali, abwerera kwawo bambo ake atamwalira n'kupeza ngongole zoti nyumba ya makolo ya Fontley ikhoza kugulitsidwa, choncho asiya chiphadzuwa chimene ankachikonda, Julia Oversley, n'kukwatira Jenny Chawleigh, mwana wa mponda matiki wochita malonda, amene anali ndi ndalama koma wopanda dzina. Jenny si wokongola, ndipo Heyer anakana kumusandutsa wokongola m'mitu yakumapeto monga alembi ambiri amachitira; khalidwe lake limaonekera m'zochita, m'mene amasamalira pakhomo ndi kubisa chikondi chimene anali nacho pa Adam kuyambira kale. Bambo a Jenny, munthu wopatsa koma wosadziwa kusankha mawu, amachititsa manyazi mkamwini wawo ndi mphatso zodula, moti kusamvana kwenikweni m'bukuli kuli pakati pa ulemu wobadwa nawo ndi ndalama zongopeza kumene.

Pampondachimera, pamene nkhani imafika pachimake, pamachokeranso m'mbiri. Mu June 1815 mphekesera ifika ku London yoti Wellington wagonja kwa Napoleon, anthu ayamba kugulitsa mwamantha masheya a ngongole za boma, ndipo apongozi alangiza Adam kuti naye agulitse. Koma iye, pokhulupirira Wellington, mkulu wa asilikali amene anamenya nkhondo pansi pake, agula ochuluka, ndipo uthenga wa chipambano cha ku Waterloo utafika apeza chuma chomumasula kwa apongoziwo.

Alembi ena a masiku ano amaveka mkazi wa maganizo amakono diresi lakale, ndipo nkhani imafooka chifukwa lamulo limene mpangankhani saliopa silingakhale chopinga. Jenny amaliopa, amakhala pansi pake, ndipo chimene amalandira pamapeto ndi chikondi chofatsa cha mwamuna wozindikira kuti pakhomo pake pali mtendere, mathero amene owerenga a Heyer amatsutsanabe ngati ali okhutiritsa.