ZA MALEMBEDWE AWIRI A KU CHINA

Anthu a ku China salemba ndi A, B, C. Iwo ali ndi zizindikilo zambirimbiri, ndipo cizindikilo ciri conse ciri ndi liu lace ndi tanthauzo lace. Zakale koposa zinapezeka pa malo ochedwa Anyang, zozokotedwa pa zigoba za akamba ndi pa mafupa a ng'ombe, zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Kuphunzira malembedwe otere ndiyo nchito yaikuru. Munthu wofuna kuwerenga nyuzi ayenera kudziwa zizindikilo ngati 3,000, ndipo zina ziri ndi timizere tambiri, toyenera kulembedwa m'dongosolo lace. Pamene Boma latsopano linayamba kulamulira m'caka ca 1949, anthu ambiri a dzikolo sanadziwe kuwerenga. Cifukwa cace akuru a Boma anapangana kupeputsa katundu wa ophunzira. M'caka ca 1956 analengeza zizindikilo zofupikitsidwa, ndipo mu 1964 anasindikiza mndandanda wa zoposa 2,000. Zambiri sizinali zacilendo ai, pakuti alembi anazolowera kale kuzilemba cotero pofulumira.

Taonani citsanzo. Cizindikilo ca kavalo, 馬, ciri ndi timizere 10. Cofupikitsidwa cace, 马, ciri ndi 3 tokha. Mwana acilemba msanga, osatopa dzanja.

Koma popeputsa katundu, zina zinagwa panjira. Kale "mkazi wa mfumu" analembedwa 后, ndi "pambuyo" 後. Tsopano onse awiri alembedwa 后, ndipo wowerenga azindikira tanthauzo poona mau oyandikana nao. Ndiponso m'kati mwa cizindikilo cakale ca cikondi, 愛, muli cizindikilo ca mtima. M'catsopano, 爱, mtimawo mulibe. Okonda zakale adandaula kuti cikondi catsala copanda mtima. Mu 1977 Boma linayesa kufupikitsanso zina, koma anthu anasokonezeka nazo, ndipo mu 1986 linazileka.

Lero ana a ku China ndi ku Singapore aphunzira zofupikitsidwa, koma a ku Taiwan, Hong Kong ndi Macau asunga zakale. Ofupikitsa anafuna kuti mwana wa mlimi awerenge msanga. Osunga afuna kuti mwana asataye mabuku a makolo ace. Ndipo wophunzira wakhama, atadziwa bwino malembedwe amodzi, sabvutika kwambiri kuzolowera enawo.