Cheni ca injini cikalira: kukonza lero kapena kuyembekeza?

Amalume anga ali ndi Hilux yakale ya petulo, ija ya injini ya 22R. Ndiyo imatenga tomato ndi kabici ku minda ya m'mbali mwa Nakatindi Road kubweretsa ku msika wa Maramba. Mwezi watha inayamba kulira "krrrr" kutsogolo kwa injini akangoiliza kuseni. Makanika anamvetsera nati ndi timing chain. Manje funso lili pa nyumba: ndalama ya sukulu ya ana ipite ku cheni, kapena motoka ipitirize kuyenda conco?

Mwina inunso munalimvapo phokoso ili mu minibasi ya ku Dambwa kapena Libuyu, dalaivala nkungokweza wailesi. Cheni cimeneci ndico cimalumikiza crankshaft ndi camshaft kuti ma valve atseguke pa nthawi yake. Si motoka zonse zili naco. Hiace ya dizilo ya 3L kapena 5L ili ndi lamba, pomwe ya petulo ya 2RZ ili ndi cheni.

Coyamba, mvetserani nthawi imene phokoso limabwera. Ngati likumveka masekondi awiri kapena atatu cabe injini ikali yozizira kenako nkutha, nthawi zambiri ndi tensioner imene ikuyembekeza oilo kuti ikoke cheni. Apa yambani ndi zochipa: pimani oilo, sinthani oilo ndi fiuta, ndipo osathira oilo yolemera kwambiri pofuna kubisa phokoso.

Koma ngati phokoso silikutha olo injini yatentha, nkhani yasintha. Cheni catambasuka, kapena ma guide amene amacigwira atha. Pa 22R zambiri ma guide ndi a pulasitiki. Akathyoka, cheni cimayamba kukwecha civundikiro ca aluminiyamu, ndipo cikaboola njira ya madzi, madzi amasakanikirana ndi oilo. Cheni cikalumpha mano, ma valve angamenyane ndi ma piston. Pamenepo simukugulanso cheni ceka, mukukamba zophwasula injini yonse.

Palinso za malo. Spare imene kulibe muno timaitanitsa ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 450, ndiye motoka imaima masiku. Ikafera pa njira ya ku Kazungula, muwonjezerepo ndalama yoikoka, tomato nayo ikuwola padzuwa la Livingstone.

Nanga motoka yakale iyenera kutayirapo ndalama? Yang'anani thupi lonse. Ngati injini siikudya oilo, siikutulutsa utsi wabuluu, chasisi ilibe dzimbiri ndipo ingapase fitinesi ku RTSA, konzani. Gulani seti yonse: cheni, ma sprocket, ma guide ndi tensioner, cifukwa nchito yotsegula ndi imodzimodzi. Koma ngati giyabokosi nayo ikulira ndipo injini yatopa kale, cheni catsopano sicidzaipulumutsa. Bwino kuigulitsa, nkuuza wogula zoona.

Amalume anayamba ndi oilo. Phokoso silinathe. Sabata yatha anaika motoka pa garaji, ndipo tomato ikubwera pa Canter ya hayala, phindu lacepa. Ndalama ya sukulu apempha kulipira kawiri. Akudandaula, inde, koma injini yawo ikali yamoyo.