Mtengo Wouma Chiimire: Kodi Ungapereke Uta?

Makolo athu anaulemekeza uta kotero kuti ngakhale mawu akuti Chauta ndi utawaleza amatikumbutsa za chida chimenechi. Kuno kunja, makamaka ku Britain ndi ku America, tapeza anthu amene akusemabe mauta ndi manja, ndipo funso limene amakambirana kawirikawiri ndi ili: kodi mtengo umene unafa koma udakali chiimire ungapereke uta wabwino?

Poyamba munthu angaganize kuti dzuwa lamugwirira kale ntchito youmitsa. Koma kufa kwa mtengo ndi kuuma bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mtengo ukafa, mvula imalowa m'ming'alu, nkhungu imayamba kudya thabwa ndipo tizilombo timaboola pansi pa khungwa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lagona pamsana pa uta, mbali imene imayang'ana kumene muvi ukupita. Munthu akakoka nsinga, mbali imeneyi imatamuka kwambiri. Kabowo kamodzi kapena malo ofumbwa pang'ono n'zokwanira kuti uta uthyoke mwadzidzidzi, zidutswa n'kumulasa kumaso wokokayo.

Komabe mitengo imasiyana. Ash, elm ndi hickory imawonongeka msanga ikafa, motero amisiri amaidula yaiwisi n'kuiumitsa pamthunzi. Osage orange wa ku America, amene Afalansa anamutcha bois d'arc, kutanthauza mtengo wa uta, ali ndi mtima wosawola msanga. Mmisiri amapala kunja konse kufikira atapeza mzere umodzi wa chaka wosaduka, umene umakhala msana wa uta. Yew, mtengo wa mauta oposa 130 amene anapezeka m'sitima ya Mary Rose yomwe inamira m'chaka cha 1545 n'kuvuulidwa mu 1982, ndi wovutirapo. Mtima wake umakhalitsa, koma mbali yoyera yakunja, imene imafunika pamsana, ndiyo imayamba kuwola.

Amwenye a ku Nevada anali ndi nzeru ina, imene katswiri Philip Wilke anaifotokoza mu 1988. Iwo ankatema mphako ziwiri, pamwamba ndi pamunsi, pathunthu la mtengo wamoyo wa juniper. Chigawo chapakatipo chinkauma chili pamtengo pomwepo, kenaka ankachikanganula, mtengowo n'kupitiriza kukula.

Tsono ngati mwana wanu kapena inu nomwe mwakopeka ndi luso limeneli, yambani mwapempha chilolezo kwa mwini malo, pakuti mitengo yakufa ili ndi eni ake ndiponso ndi nyumba za mbalame ndi mileme. Mukaudula, ung'ambeni m'litali, muuyang'ane m'kati, ndipo pindani kachidutswa kake. Kakathyoka mwaphwa ngati mzimbe wouma, osasiya ulusi, mtengowo ndi nkhuni basi.