Kodi Kompyuta Yogona Imadzuka Bwanji?

Mukatseka laputopu imagona, ndipo mukadina batani imadzuka n'kupitiriza pamene munasiyira. Nanga ngati yagona, imamva bwanji kuti mwadina?

Mkati mwa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta muli gawo lotchedwa kernel. Gawoli ndilo limalankhulana ndi zipangizo monga kiyibodi, mausi ndi malo olumikizira USB. Kernel yodziwika kwambiri ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991, ndipo mafoni a Android amayendera yomweyo.

Chipangizo chikafuna kuti purosesa ichitepo kanthu, chimatumiza chizindikiro chamagetsi chotchedwa interrupt. Kuli ngati kugogoda pachitseko: purosesa imayamba yasiya zimene ikuchita, n'kuyankha. Kompyuta ikagona, ntchito yanu imakhala mu RAM, imene imalandirabe magetsi pang'ono, pomwe purosesa ndi zipangizo zambiri zimaleka kugwira ntchito. Koma isanagone, kernel imasiya zitseko zingapo zili ndi mlonda. Wogogoda pa zitseko zimenezo yekha ndiye angaidzutse.

Amasankha zitsekozo ndani? Mu Linux, kapulogalamu koyendetsa chipangizo, kotchedwa driver, ndiko kamauza kernel kuti chipangizochi chingathe kudzutsa kompyuta. Chilolezo chake chimalembedwa mu fayilo yotchedwa power/wakeup. Mukakhala mawu akuti enabled, chipangizocho chimaloledwa; akakhala disabled, chingagogode bwanji kompyuta siidzuka. Mu Windows chisankho chomwechi chimapezeka mu Device Manager.

Nkhaniyi ikutikhudza m'njira ziwiri. Yoyamba: mausi yopanda waya ikaloledwa kudzutsa laputopu, ingathe kuidzutsa ili m'chikwama chifukwa chongogwedezeka panjira. Laputopuyo imatentha posowa mpweya, ndipo mwana pofika m'kalasi batire latha. Zimitsani mausiyo kapena zulani kachipangizo kake ka USB musanalongedze. Vutoli likapitirira, pemphani mphunzitsi wa kompyuta aichotsere chilolezocho, koma asiye kiyibodi ndi batani loyatsira.

Yachiwiri: kugona si kuzima. RAM imasunga zinthu pokhapokha ili ndi magetsi. Kompyuta ya padesiki ilibe batire, choncho magetsi akathima ili mtulo, ntchito imene simunasunge ingathe kutayika yonse. Ophunzira, sungani ntchito yanu musanachoke pampando. Makolo, ngati laputopu ikhala masiku osagwiritsidwa ntchito, izimitsidwe ndithu.