Mtsogoleri wa Ulendo

Anthu akale a ku Nyasaland, pofuna nchito ku migodi ya ku Southern Rhodesia, sanali kuyenda mmodzi-mmodzi. Anali kusonkhana kagulu, nasankha munthu amene anafikako kale kuti awatsogolere. Iyeyo anali kudziwa pooloka Zambezi, pogona popanda zirombo, ndi mgodi umene unali kudyetsa bwino anchito ace. Ulendo unali wa masabata angapo, kupyola m'dziko la Tete kufikira ku Mutoko kapena ku Mount Darwin, ndipo ambiri anakatsirizira ku Shamva, mudzi wa golidi wa m'cigwa ca Mazowe, makilomita ngati 90 kumpoto ca kum'mawa kwa Harare. Anacurukadi kumeneko, kotero kuti m'caka ca 1927, pamene anchito oposa 3,000 anakana kulowa mumgodi, ambiri mwa owatsogolera anali a ku Nyasaland. Magalimoto a Ulere atayamba kunyamula anthu cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, maulendo apansi anacepa, ndipo nchito ya mtsogoleri inayamba kuiwalika.

Nchitoyo yaonekanso masiku ano, koma colinga cace ndi cina. Kale anthu anali kuyenda kuti akapeze ndalama ya msonkho. Tsopano ayenda kuti mtima ukhale pansi. M'caka ca 1996 dokotala wina wa ku England, William Bird, wa m'mudzi wa Sonning Common, anayamba kutumiza odwala ace kuti aziyenda m'magulu m'njira za kuminda, ndipo owatsogolera anali anthu wamba odzipereka, osalandira malipiro. Pofika 2000 maulendo otere anayamba kufalikira m'dziko lonselo. M'caka ca 2014 anthu ophunzira anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu pafupi-fupi 2,000 a ku England: iwo amene anali kuyenda m'magulu kuthengo anali ndi cisoni cocepa ndi nkhawa yocepa kuposa anzao, makamaka amene anali atangoferedwa, kapena kudwala kwambiri, kapena kucotsedwa nchito. Kufunsa kotere sikutsimikiza kuti kuyenda kokha ndiko kunawaciritsa, pakuti wodwala kwambiri kawirikawiri satuluka m'nyumba konse. Komabe madokotala abvomerezana kuti kugwiritsa nchito thupi kuthandiza maganizo, ndipo bungwe la World Health Organization lilangiza munthu wamkuru kuti azicita zolimbitsa thupi, monga kuyenda mofulumirako, mphindi zosacepera 150 pa sabata.

Womvera wa pa pulazi angathe kuseka pakumva izi, nati, "Kodi munthu woyenda tsiku ndi tsiku kumunda ndi kudambo afunanso wina womuphunzitsa kuyenda?" Funsoli ndi labwino. Koma kuyenda kwa munthu wosenza thumba la ufa, ali yekha, nawerengera ngongole zace m'njira monse, ndi kwina. Cimene cithandiza pa maulendo awa ndico gulu, nthawi yodziwika imene anzace amdikira, ndi kuceza. Ndipo iwo amene asowa zimenezi koposa ndiwo okalamba amene analeka kupita kumunda.

Otere alipo ambiri m'mapulazi a ku Shamva. Ena anabadwira ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique. Ena ndi ana a iwo amene kwao anawacha machona. Minda ya Azungu itagawidwa kuyambira 2000, ambiri a iwo nchito inawathera, ndipo analibe mudzi wobwererako. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko. Malamulo akuru a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe, koma zaka zotayika sizinabwere. Ana anapita kukakumba golidi kapena ku South Africa. Nkhalamba itsala pakhonde pa nyumba ya m'komboni kuyambira m'mawa kufikira dzuwa kulowa, tulo sitibwera, nsima siikoma. Ashona ali nalo dzina la bvuto limeneli, kufungisisa, ndiko kuganiza kopitirira muyeso.

Kuti munthu wamba angathe kuthandiza wodwala maganizo, dziko la Zimbabwe laonetsa kale. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, m'mzinda wa Harare, kumene amai acikulire ophunzitsidwa pang'ono akhala pa benchi kunja kwa cipatala namvetsera obvutika. M'caka ca 2016 anafalitsa zotsatira za kuyesa kwao pa anthu 573: itapita miyezi 6, mwa anthu 100 ali onse amene anakhala pa benchi, 14 okha anali cikhalire ndi zizindikiro za matendawo, pamene mwa osakhalapo anali 50. Mtsogoleri wa ulendo acita nchito yofanana pang'ono ndi ya amaiwo, koma iye amvetsera ali ciyendere. Amuna ambiri sangathe kuulula za kukhosi atakhala maso ndi maso ndi mnzao. Poyenda phewa ndi phewa, onse akuyang'ana njira, mau atuluka okha.

Tsono wodzipereka pa nchitoyi ayamba ndi kuyenda yekha njira imene afuna kudzapitamo ndi anthu. Ku Shamva ici si cinthu cocita mwamwambo cabe. M'mapiri ndi m'mbali mwa Mazowe muli maenje ambiri osiyidwa ndi okumba golidi, ndipo udzu ukakula m'dzinja saoneka. Ayenera kupempha cilolezo kwa eni minda ndi kudziwitsa sabhuku, ndiye nyakwawa ya kumeneko, pakuti nkhani ya malire a minda iri yowawa, ndipo gulu la anthu oyenda popanda cifukwa codziwika liyambitsa mphekesera. M'mwezi wa October ulendo uyambe dzuwa lisanakwere, ndipo madzi akumwa asaiwalike. Theka la ora likwanira poyamba.

Pa tsiku la ulendo pafunika atsogoleri awiri, wina patsogolo, wina pambuyo. Wapambuyo ndiye ali ndi nchito yaikuru, cifukwa wobvutika mtima ndiye atsalira. Liwiro la gulu likhale la munthu wofoka koposa onse, ndipo ali yense athe kulankhula osapuma wefuwefu. Mtsogoleri safunsa munthu cimene cimubvuta. Afunsa za mtengo uwo, dzina lace m'Cinyanja ndi m'Cishona. Afunsa kumene agogo ace anaolokera. Nkhalamba imene yakhala cete mwezi wathunthu ingathe kutenga ora lonse pofotokoza za Ncheu kapena Dedza, kumene inacoka iri mwana. Wina akasankha kuyenda osanena kanthu, amleke, nayenso wapindula. Ndipo cimene camveka m'njira cisafike kumpopi wa madzi madzulo ace, pakuti gulu la miseche lifa lisanathe mwezi.

Cinthu cobvuta koposa ndico kusalekeza. Wodzipereka ambiri ayamba ndi cangu, nafoka pa sabata lacinai, poona kuti abwera anthu atatu okha. Koma atatuwo ndiwo anadzuka cifukwa anadziwa kuti Laciwiri m'mawa wina adzaima pansi pa mkuyu kuwadikira. Amene sanabwere masabata awiri, mtsogoleri apite kwao akamuone.

Pali malire amene mtsogoleri sayenera kuwalumpha. Iye si dokotala, ndipo sauza munthu kuti aleke mankhwala. Akaona wina waleka kudya, kapena akumva mau amene ena sakuwamva, kapena akunena kuti kuli bwino kufa, asayembekeze ulendo wa sabata la mawa. Asamsiye yekha, auze abale ace, ndipo ampereke tsiku lomwelo kwa namwino wa cipatala capafupi kapena ku cipatala ca boma ca ku Shamva.