Pamene boma la America linagula kampani ya magalimoto

M'mwezi wa Novembala 2008, akuluakulu a makampani atatu opanga magalimoto a m'dera la Detroit, ndiwo General Motors, Ford ndi Chrysler, anafika ku Washington kukapempha Nyumba ya Malamulo ya America nkhongole ya madola mabiliyoni 25. Aphungu anaipidwa kwambiri pakumva kuti opemphawo anadza aliyense pa ndeke ya kampani yake. Mwezi wotsatira anabweranso, ulendo uno pa galimoto, koma aphungu a Senate anakana ndithu.

Vuto linayambira m'mabanki. Pamene mabanki analeka kukongoza ndalama, anthu analeka kugula magalimoto, pakuti m'dzikomo ambiri amagula pa nkhongole. Mu 2007 munagulidwa magalimoto atsopano okwana mamiliyoni 16, koma mu 2009 anangopitirira pang'ono mamiliyoni 10.

Cinthu cozizwitsa cinali khalidwe la Ford. Kampaniyi siinali pafupi kugwa, popeza mu 2006 inali itakongola ndalama zambiri, ndi kupereka cikole mafakitale ake pamodzi ndi cizindikiro cake comwe. Komabe mkulu wake, Alan Mulally, anapempherera makampani awiri opikisana naye aja. Sicinali cifundo ai. Galimoto imodzi iri ndi zipangizo zikwizikwi, ndipo mipando, magalasi, mawaya a mkuwa ndi mabuleki zimacokera ku makampani ena ang'onoang'ono amene amagulitsa kwa onse atatu. General Motors ikadatseka, ambiri a iwo akadagwa nayo, ndipo Ford ikadasowa comangira magalimoto ake. Pambuyo pa awa panalinso ogulitsa magalimoto m'matauni, oyendetsa malole ndi okalamba odya penshoni.

Mantha amenewa ndiwo anacititsa Pulezidenti George W. Bush, ngakhale kuti cipani cake cimadana ndi boma kulowa m'malonda, kupereka madola mabiliyoni 17.4 pa 19 Disembala 2008, pa ndalama zimene zinali zitapatulidwa kupulumutsira mabanki.

Barack Obama atalowa m'malo mwake anawonjezera ndalama, koma anaika malamulo okhwima. Mkulu wa General Motors, Rick Wagoner, anauzidwa kutula pansi udindo mu Marichi 2009. Chrysler inapita ku khoti la makampani olephera kubweza nkhongole pa 30 Epulo, ndipo inaikidwa m'manja mwa Fiat ya ku Italy, yomwe ija magalimoto ake anali kumangidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970. General Motors inatsatira pa 1 Juni, ndipo inaturukamo boma liri ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse. Boma la Canada nalonso linaponyamo zake.

Cipulumutso cimeneci cinali cowawa. Maina akale monga Pontiac ndi Saturn anafa, mafakitale angapo anatsekedwa, ndipo bungwe la anchito la United Auto Workers linavomera kutaya ena mwa mapindu amene linamenyera zaka zambiri.

Zonse pamodzi boma la America linatulutsa pafupifupi madola mabiliyoni 80. Zambiri zinabwerera, koma pamene linagulitsa masheya ake otsiriza a General Motors mu Disembala 2013, okhoma msonkho anali atataya madola oposa mabiliyoni 10 pa kampani imeneyo yokha. Caka comweco, mu Julayi, mzinda wa Detroit nawonso unapita ku khoti kukavomera kuti walephera kubweza nkhongole zake.