WHATSAPP KAPENA SIGNAL: KODI MAUTHENGA ANU AMADZERA M'MANJA MWA YANI?

M'tauni ya Kafue, imene iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, malonda ambiri amayambira pa lamya masiku ano. Asodzi a ku Chanyanya amauza ogula mtengo wa nsomba bwato lisanafike pa doko, ndipo a ku Shikoswe ndi Kafue Estates amadziwitsana za maliro, cilimba ndi misonkhano ya mpingo mwa njira yomweyo. Ambiri a iwo ali pa WhatsApp, koma owerengeka okha ndiwo amadziwa mwini wace, ndiponso kuti pali njira zina.

WhatsApp inayambidwa m'caka ca 2009 ndi Jan Koum ndi Brian Acton. Mu 2014 kampani ya Facebook, imene tsopano ichedwa Meta, inaigula ndi madola pafupifupi 19 biliyoni. Imeneyi ndi kampani ya malonda, ndipo malangizo amene WhatsApp inalembedwa nao ndi cinsinsi ca kampaniyo. Kuyambira mu 2016 mauthenga ace amamangidwa kotero kuti wotumiza ndi wolandira okha ndiwo angawawerenge. Ngakhale ziri tero, kampani imadziwa nambala yanu, mtundu wa lamya yanu, ndi nthawi imene mumaigwiritsa nchito.

Signal ndi yosiyana. Iri m'manja mwa bungwe losafuna phindu la Signal Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 2018 ndi Moxie Marlinspike pamodzi ndi Acton yemweyo, amene anaikapo madola 50 miliyoni atacoka ku WhatsApp. Malangizo a Signal ali poyera: katswiri aliyense angawasanthule monga makaniko atsegula injini kuti aone ngati mulibe cinyengo. Njira imene WhatsApp imamangira mauthenga inacokeranso kwa akatswiri a Signal.

Telegram, imene inayamba mu 2013, iri pakati. Pulogalamu ya m'lamya iri poyera, koma makina akulu osunga mauthenga ndi obisika, ndipo zokambirana za m'magulu sizimangidwa monga za Signal. Paja akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga n'cifukwa ciani anthu sathamangira ku Signal? Coyamba ndi ndalama. Makampani a lamya monga MTN ndi Airtel amagulitsa mabando ochipa a WhatsApp ndi Facebook, pamene Signal kawirikawiri imadya bando wamba. Caciwiri, uthenga ufuna wolandira. Msodzi amene asamukira ku Signal yekha, ogula ace onse atatsala pa WhatsApp, nsomba zace zidzaola pa doko.

Komabe kudalira njira imodzi kuli ndi ngozi yace. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa m'Zambia, mpaka Khoti Lalikulu linalamula bungwe la ZICTA kuti zitsegulidwe, bungwe la Chapter One Foundation litakadandaula. Pa 4 October caka comweco, makina a Facebook anaonongeka, ndipo WhatsApp inazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6.

Cotero banja lanzeru lisankhe molingana ndi nkhani. Za mitengo, moni ndi zilengezo za m'mudzi zingadzere pa WhatsApp, kumene kuli anthu ambiri. Za matenda, milandu ya minda ndi ndalama za kopaletivu zingayende bwino pa Signal, ngati a komiti onse agwirizana kuiika m'lamya zao. Sunganinso manambala a abale ndi ogula m'kabuku, kuti SMS ikuthandizeni intaneti ikazima.

Potsiriza, pali lamulo limodzi logwira ponseponse. Nambala ya cinsinsi imene imabwera pa SMS polembetsa musauze munthu aliyense, ngakhale atadzicha wa ku kampani kapena mbale wanu. Wakuba akailandira, amalanda dzina lanu nayamba kupempha ndalama kwa abale anu onse.